Alendo a Boma Nyumba Isanasesedwe

Amayi anga akamayembekezera mlendo, nyumba yathu imasanduka ya anthu ena. Timakhala m'fulati ya zipinda ziwiri ku Croydon, kuno kwa azungu, kufupi ndi njanji ya thiramu, kasitima ka m'tauni, ndipo masiku wamba m'fulatimo mumamveka fungo la matewera losakanikirana ndi la bulitchi. Koma mlendo akanena kuti afika Lachisanu, amayi amayamba Lachitatu: kukolopa, kuchapa makatani, kutsitsa makapu a maluwa amene ife eni nyumba sitiloledwa kumwera. Pachitseko cha kukhitchini pali bowo lalikulu ngati mbale, m'munsi, cha m'mawondo mwa munthu wamkulu. Pamenepo amapachikapo kalendala ya kutchalitchi. Mlendo amafika, amapatsidwa mpando wabwino, amamwa tiyi, n'kuchoka akunena kuti, "Koma ndiye muli paukhondo." Chitseko chikangotsekeka amayi amavula nkhope ya alendo ija ngati nsapato yothina.

Ine ndinabwera kuno kuchokera ku Blantyre ndili kupulayimale. Anzanga ankaseka Chingerezi changa, ndiye ndinayamba kumvetsera mmene aliyense amayankhulira, mpaka ndinapezeka kuti ndikhoza kutulutsa mawu a munthu aliyense amene ndamumva kawiri. Tsiku lina ndinaimbira foni anti ena a kutchalitchi kwathu ngati mkazi wa abusa, n'kuwauza kuti Lamlungu azimayi onse avale zoyera kuyambira duku mpaka nsapato. Anafika okha ngati mzukwa pakati pa anthu ovala mitundumitundu. Anti amenewa abweranso m'nkhani ino, ndipo mudziwiretu kuti sitikondana.

Mlongo wanga wamng'ono anabadwira konkuno. Ndimamutcha abwana, chifukwa m'nyumba mwathu palibe chimene chimachitika iwo asanavomereze. Nthawi imene ndikunenayi abwana anali ndi zaka zitatu, asanatchulepo liwu ngakhale limodzi. Ukawaitana sankacheuka. Koma lole yotola zinyalala ikamalira pobwerera chammbuyo, iwo ankaimva isanakhote n'komwe mumsewu mwathu, n'kuthamangira pachitseko cha kukhitchini kukamenyetsa mutu. Bowo lija ndi ntchito ya mphumi yawo. Ankadya buledi woyera yekha, wochotsa m'mbali. Ankaluma. Zovala ankavula ngati zikuwaotcha. Chimene chinkawakhazika pansi chinali chivundikiro cha poto: ankachizunguza pansi, n'kugona chammbali kuchiyang'ana mpaka chigwe, n'kuyambiranso. Bambo awo, amene si bambo anga, anapita kumpoto kukagwira ntchito ya miyezi ingapo abwana atangoyamba kuluma. Ntchitoyo iyenera kuti ndi yokoma, chifukwa mpaka lero sinathe.

Amayi ndi nesi, ndipo ankagwira shifiti yausiku. Ine ndinkagona ndi abwana, ngati kumeneko kungatchedwe kugona. M'mawa amayi ankafika, ine n'kuthamangira kusukulu, iwo n'kuperekeza abwana kunasale kuti apezeko maola ochepa otsekera maso. Zinkayenda choncho mpaka tsiku limene abwana analuma mwana wa eni ake patsaya. Mayi wamkulu wa kunasale anaitana amayi n'kuwauza kuti sangathenso kusunga abwana popanda munthu wowayang'anira iwo okha. Anati boma lili ndi thandizo la ana otere: limalipira munthu woti azikhala ndi mwanayo kunasale, ndi wina womuphunzitsa kuyankhula, ndipo zimagwira ntchito bwino mwana akadali wamng'ono. Koma khonsolo sitsegula dzanja isanatumize munthu wake kudzaona mwanayo kunyumba. Anatipatsa mpaka kumapeto kwa teremu. Thandizo likapanda kubwera, abwana asadzapitenso.

Amayi ndi boma la kuno anadziwana kale. Zaka zonse zimene mapepala athu anali asanakhazikike, ankapita kukaima pamzere kumaofesi a zolowa ndi kutuluka m'dziko, m'tauni mwathu momwemu, atavala suti, atanyamula umboni woti sitidzapempha kanthu kwa munthu. Kumeneko anaphunzira chinthu chimodzi: munthu wa boma akakufunsa, muonetse kuti ndiwe wokwana, sudzakhala mtolo. Mapepala anatuluka, phunzirolo linatsalira m'mafupa. Onjezanipo za kwathu, zoti mlendo sauzidwa kuti mchere watha. Tsono taganizani, munthu wa boma amene ndi mlendonso.

Anti aja atamva, anakwera basi kuchokera ku Peckham kudzapereka malangizo. Kwawo ndi ku Lusaka, amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo palibe nkhani padziko lino imene iwo sanaionepo ndi maso awo.

"Imwe amake mwana, mvelani ine," anatero atakhala pampando wabwino uja. "Bazungu aba si banzanu. Mukabauza ati mwana amaluma, bazalemba ati mwakangiwa. Mailo babwela na motoka, bamutenga. Nabaona ine."

"Ndiye nditani, asisi?" anafunsa amayi.

"Muonetseni bwino chabe. Mwana uyu alibe vuto, ni kuchedwa. Mwana wa sisita wanga anayamba kukamba mochedwa maningi, manje ni loya."

"Uja munati amagulitsa makhadi a foni pasiteshoni?" ndinafunsa ine.

"Iwe, choka apa. Ulibe ulemu." Anatembenukiranso kwa amayi. "Vikakanga, mutumeni kumunzi. Kuja kuli bantu, kuli mphepo yabwino. Azabwela akamba."

Tsiku la mlendo amayi anapempha tchuthi kuntchito. Anatenga abwana kupita nawo kupaki m'mawa, kukawathamangitsa mpaka miyendo inakana. Atabwerako anawadyetsa buledi mpaka mimba kuti tiwi, anawaveka shati yoyera imene anali ataichotsa timapepala ta m'khosi, n'kuwapatsa chivundikiro chachikulu kuposa zonse, cha poto wa pa Khirisimasi. Amayiwo anavala juzi la manja aatali kubisa zipsera za mano zimene zili m'mikono mwawo. Anakazinga mandasi. Kalendala inapita pamalo pake. Ine anandikokera m'bafa.

"Ukangotsegula pakamwa pakopo, ndikusonyeza. Wamva?"

"Ndamva."

"Wamva ndani?"

"Ndamva, amayi."

Mayi wa kukhonsolo anali wamtali, wa chikwama chodzaza mapepala, womwetulira ngati munthu amene maganizo ake ali pomwe waimika galimoto. Anakhala pansi, anayamikira makatani, anatenga mandasi. Zokambirana zinali m'Chingerezi, ndipo amayi anatulutsa chija cha kuofesi, chosita bwino.

"Amagona bwino usiku?"

"Amagona, zikomo."

"Nanga kudya?"

"Amadya kwambiri. Taonani mimbayo."

"Pali nthawi imene amadzipweteka, kapena kupweteka ena?"

"Ndi mwana. Ana amasewera."

"Nanga inuyo, mukukwanitsa?"

"We are coping, thank you. Tengani ena mandasiwo."

Anatenga. Nthawi yonseyi abwana anali pakona, atagona chammbali m'shati yawo yoyera ngati manijala wa banki amene waledzera, akuzunguza chivundikiro. Mayi uja anawayang'ana n'kunena kuti, "Aa, akudzisewerera yekha bwinobwino." Analemba kanthu. Ine ndinali nditakhala pamanja anga kuti ndisamugende ndi kapu ya maluwa. Anadutsa pafupi ndi kalendala ija popita kukasamba m'manja, osafunsa kanthu. Anachoka tiyi wachiwiri asanazizire.

Kalata itafika amayi anaiwerenga ataima pakhomo, ndipo poyamba anamwetulira. "Alemba kuti nyumba ndi yosamalika," anatero. Kenako anafika m'munsi, pamene panalembedwa kuti mwanayo ndi wodekha, banja likukwanitsa, ndipo adzamuonanso akadzayamba sukulu yeniyeni. Kumwetulira kuja kunauma.

"Mwawanamiza, ndiye akukhulupirirani," ndinatero. "Mukudabwa chiyani?"

"Sindinaname. Ndinalandira mlendo."

"Mlendo wake uti? Ameneyu anabwera kudzaona ngati tikuvutika. Inu munamuphikira mandasi."

"Ukufuna ndikaime pamsewu ndizikuwa kuti mwana wanga ndi wamisala? Ndi zimene ukufuna?"

"Si wamisala."

"Ndiye khala chete. Iwe ukudziwa chiyani za boma? Unaimapo pamzere uja iwe?"

Ndinawayankha m'Chingerezi, mawu amene sindilemba pano, ndipo ndinalandira khofi limene khutu lake linalira mpaka madzulo.

Sabata yotsatira amayi anatsitsa sutikesi yaikulu pamwamba pa wadilopu. Anangoiika kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo, ili yotsegula. Tsiku lililonse munkalowa kanthu: timasokosi, timabuluku, mafuta odzola. Anayamba kugula makhadi a foni n'kumaimbira akulu awo ku Ndirande, akuyankhula motsitsa mawu. Ndinamva "mpaka akuleko pang'ono", ndinamvanso "ndizitumiza". Nyumba ya amayi aakuluwo ndimaidziwa, ndinakhalamo. Ili m'mphepete mwa msewu wa maminibasi, ilibe mpanda. Abwana amathamangira chilichonse chozungulira, ndipo tayala ndi chivundikiro kwa iwo n'chimodzimodzi. Musandimve molakwa, abwana amandikwana. Anandidulapo tsitsi ndi mano, anaponyapo foni yanga m'toileti. Koma ngati pali munthu wodzawakweza ndege, ndidzakhala ine, tsiku limene ndidzafune.

Mayi wamkulu wa kunasale ndiye anavuta. Anaimbira a khonsolo mpaka anatopa naye, akuti mwana amene alemba m'kalatayo si amene iye amamuona m'mawa uliwonse. A khonsolowo anavomera kubweranso kamodzi. Anati Lachisanu masana. Ndinaganiza kuti amayi aphunzirapo kanthu. Koma Lamlungu tikuchokera kutchalitchi anakhotera m'shopu, anagula ufa wa tirigu ndi yisiti, n'kundiuza kuti Lachinayi ndichape makatani. Ndinayang'ana ufa uja patebulo ndipo ndinadziwa kuti abwana akwera ndege.

Lolemba ndikuweruka kusukulu ndinalowa m'kanyumba ka foni pafupi ndi pokwerera thiramu, konunkha mkodzo ndi fodya. Nambala ndinali nditaikopera padzanja. Mawu a amayi ndi osavuta: umakweza mapewa, umatsitsa chibwano, ndipo usanafike pankhani umayamba wafunsa munthu amene sunamuonepo mmene wadzukira.

"Masana abwino. Muli bwanji? Nanga kunyumba ali bwanji?"

Mtsikana wa pafoniyo anasokonezeka monga onse amachitira. "Ee... ali bwino. Ndikuthandizeni chiyani?"

Ndinapepesa, ndinapepesanso. Ndinati kuchipatala andisinthira shifiti, Lachisanu sinditha, Mulungu akudalitseni ngati mungandipezere Lachitatu m'mawa kwambiri, mwana asanapite kunasale. Anati aona kaye. Ndinamva akutsegula mapepala. Anati zatheka. Ndinamuthokoza mmene amayi amathokozera, mpaka iye anatopa n'kudula foni. Lachitatu silinangobwera m'mutu. Ndi tsiku la zinyalala mumsewu mwathu.

Masiku onse amayi asanafike kuchokera kuntchito ndimakhala nditakonza zoyambirira. Ndimapukuta khoma ngati abwana azolapo za m'thewera, ndimatolera buledi amene amwaza, ndimawathamangitsa ndi kabudula mpaka ndiwagwire. Lachitatu limenelo sindinachite chilichonse. Ndinavala yunifolomu yanga, ndinakhala pampando wa alendo, n'kumamwa tiyi wanga wam'mawa m'kapu ya maluwa. Anthu a kutchalitchi amanena kuti ndinawaputa dala abwana. Bodza. Abwana safuna thandizo la munthu. Ine ndinachita ziwiri zokha: ndinachotsa kalendala pachitseko, ndipo juzi la manja aatali lija ndinaliviika m'ndowa ya madzi.

Amayi analowa maso ali psuu, atavala yunifolomu ya manja aafupi. Anaima n'kuona khoma, kenako abwana ali buno bwamuswe pamwamba pa tebulo, kenako ine.

"Iwe, wapenga? Nyumba ili chonchi iwe uli phee? Ndipo ukumwera m'kapu ya ndani?"

Belu linalira.

"Ndani m'mawa uno?"

"Kaya," ndinatero, n'kudzuka kukatsegula iwo asanaganize.

Mayi wa kukhonsolo analowa akumwetulira monga ulendo woyamba. Kumwetulirako kunafika mpaka pakati pa balaza, pomwe fungo linamupeza. Amayi anatembenuka kuthamangira pamene amapachika juzi. Panalibe. Anayang'ana pachitseko cha kukhitchini. Bowo linali kuwayang'ana. Anapinda manja kumbuyo ngati mwana wasukulu, koma zipsera zija zinafika mpaka m'zigongono.

Apa ndiye panabwera zimene sindinaziwerengere. Ndinkaganiza kuti mayiyo akaona anena kuti, "Ayi, anthu inu mukuvutika," n'kutulutsa cholembera. Iye sanayang'ane mikono ya amayi. Anayang'ana chotupa chimene chinali pamphumi pa abwana, chobiriwira, cha Lachitatu lapitalo.

"Chinachitika n'chiyani pamutupo?"

"Anadzigunda," anatero amayi.

"Ulendo watha munandiuza kuti sadzipweteka." Mawu ake anali atasintha, atauma ngati a kuofesi ya mapepala kuja. "Mwangofika kumene kuchokera kuntchito? Usiku anali ndi ndani?"

Mayi uja anandiyang'ana ine, yunifolomu yanga ya sukulu, kapu ili m'manja. Anaika chikwama pansi n'kutulutsa foni ya m'manja.

"Ndiyenera kuyankhula ndi akuluakulu anga."

Ndinamva mawu a anti aja m'khutu ngati aima kumbuyo kwanga, babwela na motoka, bamutenga. Ndinaganiza kuti ngati mfiti imeneyi ikhale kuti inalondola, sindidzapondanso ku Peckham. Amayi anagwira mpando.

Kunja lole ya zinyalala inayamba kulira.

Abwana anadumpha patebulo, manja kumakutu, akukuwa mawu amodzi aatali aja amene amakulowa m'mano. Anathamangira kuchitseko. Amayi sanaganize n'komwe. Munthu amene wagwira ntchito usiku wonse anawoloka balaza lija mofulumira kuposa mwana, anagwada, n'kulowetsa dzanja pakati pa mphumi ndi thabwa. Mutu unagunda dzanjalo, unagundanso, unagundanso, mpaka chitseko chikugwedezeka. Ndi dzanja linalo anakoka chitenje chimene chimakhala pachigwiriro cha chitseko chifukwa cha ntchito yomweyi, anawakulunga nacho abwana mothina, n'kuwakumbatira chakumbuyo. Abwana anapeza mkono n'kulowetsa mano pamalo akale. Amayi sanakuwe. Ankangowagwedeza, akung'ung'udza kanyimbo ka kwaya, kudikira lole idutse.

Mayi wa kukhonsolo anali ataima foni ili m'manja, asanaimbe.

Amayi anadzutsa mutu, mano a mwana akadali m'mkono. "Pepani, mwatipeza tisanakonzeke," anatero m'Chingerezi chosita chija. Kenako kwa ine, m'Chichewa: "Iwe, taikira alendo madzi a tiyi."

Sindinaike.

"Zimenezi zimachitika kawirikawiri?" anafunsa mayi uja.

Ndinaona pakamwa pa amayi pakukonzekera kunena kuti ayi. Ndinawadumphira.

"Lachitatu lililonse. Ndiponso huva yosesera ija ikalira, ndi belu la moto likalira kwa aneba, ndi buledi akakhala wa shopu ina."

"Tseka pakamwa pako," anatero amayi m'Chichewa, osandiyang'ana.

"Sagona. Amadzuka kukadali mdima n'kumayenda. Chitseko chakunja timachimanga ndi lamba chifukwa anatulukapo kupita kunjanji."

"Ndikupha lero, ndikukuuza."

"Tsegulani makabatiwo muone ngati mungathe. Onse ndi omanga ndi nsanza. Ndipo m'chipinda umo muli sutikesi. Akumutumiza ku Malawi chifukwa inu munalemba kuti ndi wodekha."

Mayi uja anafiira kuyambira m'khosi. "Ndinalemba zimene ndinauzidwa. Bwanji simunandiuze zonsezi ulendo watha?"

Ndinayankha ndine. "Bwanji inu simunafunse? Munaonapo kuti kalendala yopachika m'mawondo? Ndani amawerenga masiku atagwada? Munadutsapo pomwepo mandasi athu ali kukamwa."

"Mtsikana iwe, sindikuganiza kuti..."

"Eya, zimenezo ndiye tikudziwa."

Lole inali itapita. Abwana anamasula mano, thupi lonse linalefuka, n'kutsamira pachifuwa pa amayi. Mayi uja anabweza foni m'chikwama, anatulutsa mapepala, anayang'ana mpando wa alendo, n'kuona kuti pali zimene sangakhalire. Anakhala pansi, pakapeti, pafupi ndi amayi. Anayamba mafunso aja kuyambira pachiyambi. Amayi ankayankha mwachidule, maso ali pakhoma. Pafunso la kugona anati, "Sagona." Pafunso lakuti mukukwanitsa, anati, "Mukuona nokha."

Mayi uja akulongedza kuti azipita, amayi anati, "Koma munanena kuti Lachisanu."

"Inde, koma munaimba foni Lolemba kuti tisinthe. Mnzathu wa kuofesi anati munali aulemu kwambiri."

Amayi anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Ine ndinamaliza tiyi wanga.

Zimene zinachitika mlendo atachoka sizikukhudzani, koma kusukulu ndinafika mochedwa ndipo pampando ndinakhala chammbali. Amayi anasiya kundiyankhula. Ankati akafuna kanthu amauza abwana, amene samva za munthu: "Kauze mchemwali wakoyo kuti zinyalala sizidzitaya zokha." Anti aja anaimirira pamapemphero a azimayi n'kupempha kuti andipempherere, chifukwa ndili ndi mzimu wa Yudasi, ndagulitsa amayi anga kwa bazungu. Lamlungu lotsatira ndinawapatsa moni ndi mawu a mkazi wa abusa. Anagwetsa chikwama.

Musaganize kuti boma linasanduka m'bale wathu. Nkhani ya usiku ija sinathere pomwepo. Kunabwera anthu ena awiri, osamwetulira, kudzafunsa amayi chifukwa chimene amasiyira mwana wotere ndi mwana mnzake. Anandifunsa pandekha ngati amayi amatimenya. Ndinawayang'ana m'maso n'kunena kuti ayi, ndipo pamenepo ndinaona kuti luso la amayi lija nanenso ndili nalo. Amayi anakakamizika kusiya mashifiti ausiku n'kuyamba amasana, amene malipiro ake ndi ochepa, ndipo zimenezi amandikumbutsa mpaka lero nthawi iliyonse ndikapempha nsapato. Panali mafomu okhuthala ngati buku la nyimbo, ofunsa chinthu chimodzi m'njira zambirimbiri. Dokotala wa ana anatiika pamzere wautali. Teremu inatha tisanamve kanthu, ndipo mayi wa kunasale anangotseka diso limodzi n'kupitiriza kulandira abwana.

Thandizo linabwera kunja kutayamba kufunda. Silinali lonse limene analonjeza. Munthu wowayang'anira abwana kunasale anapatsidwa m'mawa wokha, ndipo wophunzitsa kuyankhula ankabwera mwa apo ndi apo. Anali mtsikana wa tsitsi lofiira amene sankaopa kulumidwa. Anabweretsa timakhadi ta zithunzi: buledi, madzi, toileti, chivundikiro chimene anachijambula yekha, chitseko. Ankati abwana akafuna chinthu apereke khadi lake, ndipo tisawapatse kanthu asanapereke, ngakhale alire chotani. Amayi anati zimenezo ndi nkhanza, mwana sapempha madzi ndi tikiti. Koma anatsatira, akung'ung'udza.

Kwa nthawi yaitali abwana ankangotafuna makhadiwo. Tsiku lina masana ndili m'chipinda chathu, nyimbo zili pamwamba, ndinamva kadzanja kakundigwira bondo. Abwana anali ataima pamaso panga, osandiyang'ana, atatambasula dzanja. Ndinalandira khadi lonyowa ndi malovu. Linali la chitseko. Anandigwira chala, anandikokera kunja kwa chipindacho, anabwerera mkati n'kutseka. Chinthu choyamba chimene mlongo wanga ananena pamoyo wake chinali chakuti ndituluke.

Ndinathamangira kukhitchini ndi khadilo. Amayi analiyang'ana, anayang'ana chitseko chotseka chija, n'kupukuta manja pachitenje nthawi yaitali.

"Ali ndi nzeru mwanayu," anatero. "Wadziwa yekha wofunika kuchoka m'nyumba muno."

Awa anali mawu oyamba amene anandiyankhula mwachindunji chichokereni Lachitatu lija. Loweruka lake anakhuthula sutikesi ija. Timasokosi tinabwerera m'dirowa, ndipo m'sutikesimo analongedzamo zovala zathu zakale n'kutumiza ku Ndirande kudzera mwa munthu wa kutchalitchi amene ankapita kumaliro.

Zikomo sananene, ndipo ine pepani sindinanene. Mayi wa kukhonsolo amabwerabe nthawi ndi nthawi kudzaona ngati thandizolo likufunikabe, chifukwa boma limaopa kuti mwina abwana achira usiku osaliuza. Amayi amakolopabe, amachapabe makatani, mandasi amakazingabe. Kalendala yokha ndiye anasiya kuipachika, ndipo amavala bulauzi ya manja aafupi, nkhope ili gwa, ngati munthu amene akumwa mankhwala owawa. Mayiyo ndi ine sitipatsana moni. Anauza amayi kuti kuofesi kwawo anakhazikitsa lamulo pafayilo yathu: aliyense woimba foni m'dzina la amayi azitchula kaye mawu achinsinsi amene amayi anasankha okha. Amayi anasankha vesi limene amalikonda, lomwe lalembedwa pakansalu kopachika pamwamba pa wailesi yakanema, pamene ine ndimaliwerenga tsiku lililonse. Teremu ikubwerayi akufuna kuchepetsa maola a munthu wa kunasale uja, ndipo msonkhano wake auika Lachisanu masana.